Kuchokera ku mphini kufika ku jakisoni: mbiri ya nkhope zathu

Agogo anga obala amayi adakhala nafe ku Area 24 zaka zawo zomaliza, khasu litawakanika kumudzi. Pamasaya pawo panali mphini, timizere tatifupi tondandalika bwino, ndipo tina tinali pamphumi pakati pa nsidze. Ukalamba utafika, makwinya adadzadutsa pamwamba pa mphinizo mopingasa, mwakuti kuti uzione bwino umayenera kukhala nawo pafupi padzuwa. Tsiku lina ndili wamng'ono ndidazikhudza ndi chala n'kufunsa ngati adagwera paminga. Adaseka mpaka kutsokomola. "Iwe mwana, minga yake iti yodziwa kuyeza chonchi? Tidachita kupereka nkhuku kuti atiteme."

Ndidawakumbukira agogowo posachedwapa ndili mu saluni ina kufupi ndi msika wa Ngwenya, ndikudikira kuti andiluke. Mayi wina wa zaka za m'ma 50, wageni ya kaunjika, ankayendetsa chala pafoni. Kenaka adaitembenuzira kwa mtsikana woluka tsitsi. "Asisi, tamuonani mzunguyu. Akuti ali ndi zaka 60. Kodi zimenezi amachita kung'amba kapena ndi jakisoni chabe?" Mtsikanayo, chipeso chili pakamwa, adayankha kuti, "Anti, zong'ambazo n'za ku Joni. Ife kuno tili ndi kirimu." Tonse tidaseka, koma mayiwo adapitiriza kuyang'ana chithunzicho, dzanja lina likukoka khungu la tsaya lawo cha kukhutu.

Funso lawo limamveka ngati lobwera ndi TikTok, koma kuno kwathu n'lakale. Makolo athu ankadziwa njira zonse ziwiri, ya lumo ndi ya mafuta. Chomwe chidasintha ndi chimene munthu amafuna nkhope yake inene.

David Livingstone atakwera mtsinje wa Shire mu 1859 adapeza amayi a Chimang'anja atavala pelele. Mtsikana ankabooledwa mlomo wam'mwamba akadali wamng'ono, n'kuikamo kamtengo kuti bowolo lisatsekeke. Pakapita nthawi ankachotsa kamtengoko n'kuikamo kokulirapo, mpaka mlomo utatha kunyamula mphete ya nsungwi, ya chitsulo kapena ya mnyanga wa njovu. Livingstone adalemba za pelele m'buku lake la ulendo wa ku Zambezi lomwe lidatuluka mu 1865, ndipo sadabise kuti iye zidamunyansa. Eni ake ankaona mosiyana: mkazi wopanda pelele ndiye anali wosakwanira. Kwa Ayao kunali chipini, kachitsulo kapena kamtengo koboolera pamphuno. Angoni, omwe adawoloka Zambezi mu 1835, ankadziwika ndi makutu oboola. Mitundu ina inkasema mano kuti asongoke. Zonsezi ndi opaleshoni, ngakhale kunalibe chipatala: kudula, kuboola, kukhetsa magazi, kudikira bala lipole, ndipo ukachita wachita, sungabweze.

Mphini zinali za mitundu iwiri, ndipo anthu sankazisokoneza. Za sing'anga zinali zopakira mankhwala pamalo opweteka. Zokongoletsa ankatema ndi amayi odziwa ntchitoyo, nthawi zambiri mtsikana akatha msinkhu. Ankatsina khungu, kulidula pang'ono ndi lumo, n'kupakapo makala osinja ndi mafuta a nsatsi kuti mzere ude komanso utukumuke pang'ono. Zina zinali pankhope kuti aliyense aone. Zina zinali pamimba, m'chiuno ndi m'ntchafu, ndipo za zimenezo anamkungwi okha ndiwo angafotokoze bwino. Mphini zinkanena mtundu wa munthu, zinkanena kuti adapirira ululu, ndipo koposa zonse zinkanena kuti uyu si mwananso. Apa ndi pamene pagona nkhani. Agogo anga adapereka nkhuku kuti azioneka wamkulu. Mayi wa mu saluni uja akufunafuna ndalama kuti azioneka wamng'ono.

Njira yopanda lumo nayo inalipo. Nsatsi ankazikazinga, kuzisinja, kuziwiritsa m'madzi n'kuwengula mafuta oyandama pamwamba. Mafutawo ankasungidwa m'nsupa, ndipo ndiwo ankaletsa khungu kutuwa nthawi ya chisanu ndi mphepo ya mwera. Kumpoto kwa Mozambique, ku Nampula ndi pa chilumba cha Mozambique, amayi a Chimakua mpaka lero amapera mtengo pamwala n'kupaka phala loyera la musiro kumaso, loteteza ku dzuwa ndi kusalalitsa khungu. Palibe mwa zimenezi chomwe chinkalonjeza kubweza zaka. Imvi ndi makwinya zinali ndi malipiro ake: mpando pabwalo, mawu omaliza pamilandu ya banja, ndiwo yoyamba kupakulidwa.

Pelele adatha msanga, mphini zidatha pang'onopang'ono. Amishoni atakhazikika ku Mvera mu 1889, ku Nkhoma mu 1896 ndi ku Mua mu 1902, sukulu ndi tchalitchi zidayamba kuona zizindikiro za pathupi ngati zachikunja. Mtsikana wa pasukulu ankachita manyazi ndi zomwe amayi ake ankanyadira. Komabe m'midzi lumo lidapitirira kwa zaka zambiri, mpaka Edzi itapezeka m'dziko muno mu 1985 ndipo wailesi idayamba kuchenjeza za kubwerekana malezala. Lero ukaona mphini zokongoletsa pankhope mu minibasi ya ku Area 24, mwini wake amakhala gogo.

Pamene ife tinkasiya kudula nkhope, azungu ndi pamene ankayamba. Cha mu 1901 dokotala wa ku Berlin, Eugen Holländer, adadula kachikopa kutsogolo kwa makutu a mayi wina wolemera n'kusoka kuti masaya akungike. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse idapititsa lusoli patsogolo mwa njira yomvetsa chisoni: Harold Gillies, pa chipatala cha Sidcup ku England kuyambira 1917, ankakonza nkhope za asilikali zophwanyika ndi zipolopolo, ena opanda mphuno, ena opanda chibwano. Nkhondo itatha, luso lomwelo lidapeza makasitomala atsopano. Ku Paris, Suzanne Noël, mmodzi mwa akazi oyamba pantchitoyi, adalemba buku lake mu 1926, ndipo ankati amayi ogwira ntchito amafuna opaleshoniyi kuti asachotsedwe ntchito chifukwa chooneka okalamba. Maopaleshoni oyambawo ankangokoka khungu lokha, choncho posakhalitsa linkalenderanso. M'zaka za m'ma 1970, Tord Skoog wa ku Sweden, kenaka Mitz ndi Peyronie a ku France mu 1976, adaonetsa kuti chofunika kukoka ndi kachikuto ka minofu komwe kali pansi pa khungu. Opaleshoni ya masiku ano idachokera pamenepo. Dokotala amadula motsatira khutu mpaka m'tsitsi, kukweza minofu, kuchotsa khungu lotsala n'kusoka. Nkhope imatupa milungu iwiri kapena itatu, ndipo zotsatira zake zimatha kukhala zaka pafupifupi khumi. Ukalamba wokha suima.

Jakisoni ali ndi mbiri yake, ndipo amene amati "ndi jakisoni chabe" angachite bwino kuimva. Cha mu 1899 Robert Gersuny wa ku Vienna adayamba kubaya mafuta olimba ngati phula pansi pa khungu kuti adzaze malo olowa. Zidatchuka kwambiri mpaka anthu atayamba kutuluka zotupa zolimba. Gladys Deacon, yemwe ankatamandidwa kuti ndi mmodzi mwa akazi okongola kwambiri ku Ulaya ndipo adadzakwatiwa ndi Duke wa ku Marlborough, adabayitsa phulalo pamphuno ali mtsikana. M'kupita kwa zaka lidatsetsereka n'kukaunjikana kuchibwano. Pambuyo pake kudabwera silikoni wamadzi, nayenso adasiya anthu ambiri ndi mabala. Mankhwala odzaza masaya omwe akugwiritsidwa ntchito kwambiri lero, a hyaluronic acid, adavomerezedwa ku America mu 2003. Ubwino wake ndi wakuti thupi limawasungunula lokha pakatha miyezi isanu ndi umodzi kapena chaka ndi theka, komanso pali mankhwala owasungunulira zikalakwika. Koma singano ikalowa mumtsempha wa magazi, khungu la pamalopo limatha kufa, ndipo pali anthu omwe adachita khungu m'maso chifukwa cha jakisoni wa pamphuno kapena pamphumi.

Botox ndiye ali ndi chiyambi chodabwitsa. Ndi poizoni wa kachilombo komwe Émile van Ermengem adakapeza anthu atadwala ndi kufa ndi nyama ya nkhumba yoonongeka pamwambo wa maliro ku Ellezelles, m'dziko la Belgium, mu 1895. Poizoniyo amafooketsa minofu. Dokotala wa maso wa ku San Francisco, Alan Scott, adaganiza zogwiritsa ntchito kadontho kake pochiza maso opingasa, ndipo boma la America lidavomereza mu 1989. Ku Vancouver, Jean Carruthers, nayenso dokotala wa maso, adaona kuti odwala ake akabayidwa pafupi ndi nsidze makwinya a pamphumi amasalala. Iye ndi mwamuna wake Alastair, dokotala wa khungu, adalemba za zimenezi mu 1992, ndipo mu 2002 Botox adavomerezedwa ngati mankhwala a makwinya. Amagwira miyezi itatu kapena inayi basi, ukatero ubwererenso ndi ndalama zina. Amathandiza makwinya obwera chifukwa cha kukwinya nkhope ndi kutsinzina. Masaya olendera ndi khosi lofwafwatika sawakweza. Ndiye kusankha kwake, kwa amene ali ndi ndalama, kuli motere: lumo kamodzi, ululu waukulu ndi ngozi zazikulu, kapena singano kawirikawiri, moyo wako wonse.

Koma mtsikana woluka uja adanena zoona. Kuno ku Area 24 njira yomwe idafika kwenikweni ndi kirimu, ndipo idabwera kudzera ku Joni. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950 makampani a ku South Africa ankapanga mafuta oyeretsa khungu ochuluka, ndipo magazini ngati Drum ankadzaza ndi zithunzi za atsikana owala nkhope. Abale awiri amapasa, Abe ndi Solly Krok, adalemera ndi malonda amenewa. Amuna athu opita ku migodi pa Wenela ankabwera ndi wailesi, njinga, bulangete, komanso timabotolo ta akazi awo. M'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 dzina lomwe linali pakamwa pa aliyense ku Malawi, ku Zambia ndi ku Rhodesia linali Ambi. Akuluakulu amakumbukira chipongwe cha nthawi imeneyo, chonena za mkazi wa nkhope ya Fanta ndi miyendo ya Coca-Cola. Ndi zaka zomwezo pamene Lilongwe adakhala likulu mu 1975, anthu n'kumakhamukira ku Kawale, ku Biwi, ku Area 23 ndi ku Area 25, kumene munthu sadziwika ndi mtundu wake kapena mfumu yake koma ndi maonekedwe. Ine ndimaganizanso kuti lamulo la kavalidwe la 1973, lomwe lidaletsa amayi mathalauzi ndi masiketi aafupi kufikira 1993, lidathandizira. Boma linkayeza siketi, koma nkhope silinkaiyeza, choncho chimasomaso chonse cha m'tauni chidathamangira kumaso ndi kutsitsi.

Zoipa zake zidaonekera komwe mafutawo adachokera. Mu 1975 dokotala wa khungu wa ku Pretoria, George Findlay, ndi anzake adalemba za amayi akuda omwe masaya awo adada bii ngati mwaye, khungu lili nsungunsungu, atadzola hydroquinone zaka zambiri. Matendawa amatchedwa ochronosis ndipo savuta kuyamba koma amavuta kuchiza. Madokotala, mabungwe a amayi ndi otsatira maganizo a Steve Biko onyadira khungu lakuda adalimbana ndi malondawa mpaka South Africa idaletsa hydroquinone m'zodzoladzola mu 1990. Côte d'Ivoire idaletsa mafuta oyeretsa mu 2015, ndipo Rwanda idayamba kuwalanda m'misika mu 2018. Pangano la Minamata la 2013 lidaikanso malire pa mercury m'zodzola, chifukwa amaononga impso ndi ubongo, ngakhale wa mwana yemwe ali m'mimba.

Kuletsa sikudathetse msika. Pitani ku msika wa Tsoka kapena pa benchi iliyonse ya zodzoladzola ku Ngwenya, mupeza timachubu ndi timabotolo tochokera ku Congo, ku Tanzania, ku West Africa ndi ku India. Tambiri mwa timachubuto ndi mankhwala enieni a chipatala, monga clobetasol ndi betamethasone, oyenera kulembedwa ndi dokotala kwa masiku owerengeka pa matenda a khungu. Ogulitsa ena amafinyira machubu angapo m'botolo limodzi la loshoni n'kulitcha "mikisi", lopanda dzina, lopanda tsiku. Ndipo ogula si atsikana okha ofuna kuyera. Ambiri ndi amayi a zaka 40 ndi 50 omwe amati akungofuna kuchotsa madontho akuda ndi kusalaza nkhope kuti bambo a kunyumba asayang'ane kwina. Milungu yoyamba nkhope imawaladi, anzako kumpingo n'kumafunsa chomwe ukudya. Chikomekome cha mkuyu. Mankhwalawo amapyapyalitsa khungu, timitsempha timaonekera, ziphuphu zimabuka, dzuwa la Okutobala limawotcha ngati moto, ndipo ukasiya nkhope imayabwa n'kuda kuposa kale, ndiye umabwereranso kubenchi. Mayi wina woyandikana nafe nyumba adafika poyenda ndi ambulera ngakhale popita pa kiyosiki ya madzi. Ali ndi zaka 45 nkhope yake inkaoneka yokalamba kuposa ya amayi ake omubala, omwe moyo wawo wonse sadadzolepo china koma Vaseline.

Pali chinthu chomwe zithunzi za pafoni sizinena. Khungu lakuda silikalamba ngati la mzungu. Melanin, yemwe amatipatsa mtundu wathu, amatchinga mbali ina ya mphamvu ya dzuwa, choncho timakwinya ting'onoting'ono timachedwa kubwera ndi zaka zambiri. Ukalamba wathu umaonekera kwina: madontho ndi zigamba zakuda, masaya kutsika, kunsi kwa maso kulowa, tinjerewere takuda m'masaya ndi m'khosi. Komanso khungu lathu limakwiya msanga likavulazidwa. Pomwe papsa ndi mankhwala osupula kapena makina a leza pamatha kuda kwa miyezi, ndipo ambiri mwa ife timachita zipsera zotupa zomwe madokotala amati keloid. Aliyense adaonapo mtsikana yemwe adangoboola khutu n'kumera chotupa ngati nthudza. Amayi otema mphini ankalidziwa khalidwe limeneli la khungu lathu, n'chifukwa chake mphini zinkatukumuka mokongola. Munthu wa khungu lotere akamaganiza zodulidwa kuzungulira makutu onse awiri, afunse kaye thupi lake momwe lidapolera mabala akale.

Za lumo la dokotala, kunena zoona, kuno n'zapatali. Madokotala odziwa opaleshoni yokonza maonekedwe ndi owerengeka m'dziko lonse, ndipo manja awo ndi odzaza ndi ntchito ina: ana ogwera pamoto ndi m'phala lotentha omwe agona ku Kamuzu Central Hospital ndi ku Queen Elizabeth, makanda obadwa ndi mlomo wong'ambika omwe mabungwe ngati Operation Smile amathandiza, anthu ovulala pangozi za kabaza. Luso la Gillies kuno likugwirabe ntchito yomwe lidabadwira. Ofuna kukungitsa masaya amakwera ndege kupita ku Johannesburg, ku Cape Town, ku India kapena ku Turkey, n'kubwerera mwakachetechete, ife n'kumati tchuthi chawakomera. Ndalama sizichotsa ngozi. Stella Obasanjo, mkazi wa mtsogoleri wa dziko la Nigeria, adamwalira ku Spain mu Okutobala 2005 atachitidwa opaleshoni yochotsa mafuta m'thupi, ndipo khothi la kumeneko lidadzapeza dokotala wake wolakwa. Vuto lina la opaleshoni ya kunja ndi lakuti bala likayamba mafinya uli ku Lilongwe, amene adakudula ali kutsidya la nyanja.

Chomwe chikundidetsa nkhawa ine ndi singano, chifukwa ndiyo ikuyandikira makomo athu. Singano siifuna chipinda cha opaleshoni, imakwana m'chikwama cha m'manja. Pa WhatsApp ndi pa Facebook pali kale otsatsa madiripi oyeretsa khungu ndi majakisoni osalaza nkhope, ena ochitira m'saluni, ena obwera kunyumba. Ndipo ife Amalawi jakisoni timamukhulupirira kuyambira kale; wodwala akapatsidwa mapiritsi okha amatuluka m'chipatala akudandaula kuti sadamuthandize. Anthu ofuna kusalaza nkhope achulukanso. Cha m'ma 2000 Mmalawi ankayembekezeka kukhala ndi moyo zaka zosakwana 50, lero zapitirira 60. Tikukalamba ambiri, m'tauni momwe imvi sizikupatsanso mpando, pakati pa achinyamata omwe ndi oposa theka la dziko. Sindingamuseke mayi wa kaunjika uja. Amagulitsa zovala kwa atsikana a zaka 20, ndipo amadziwa kuti kasitomala amayang'ana nkhope ya wogulitsa asanayang'ane diresi. Suzanne Noël akadamumvetsa bwino.

Nditafunsidwa maganizo anga, ndinganene kuti kugawa njirazi kuti iyi n'njodula, iyi n'njosadula, kumasocheretsa. Kachubu ka mtengo wa sopo kaononga nkhope zambiri ku Lilongwe kuposa lumo la dokotala aliyense. Chofunika kudziwa n'chakuti wagwira singanoyo ndani, adaphunzira kuti, m'botolomo muli chiyani, ndipo zikavuta usiku upita kwa yani. Madokotala ndi azachipatala ovomerezeka amalembedwa m'kaundula wa Medical Council of Malawi, ndipo mankhwala amayang'aniridwa ndi Pharmacy and Medicines Regulatory Authority. Kufunsa chiphaso si mwano. Safunsa adadya phula. Zomwe madokotala a khungu amavomerezana kuti zimachedwetsa ukalamba wa nkhope n'zosasangalatsa kumva chifukwa n'zotsika mtengo: chipewa kapena ambulera padzuwa, mafuta oteteza ku dzuwa kwa amene angakwanitse, kusasuta fodya, mafuta wamba oletsa kutuwa. Palinso tretinoin, yemwe adayamba ngati mankhwala a ziphuphu mu 1971 ndipo adadzapezeka kuti amachepetsa timakwinya ndi madontho, koma ameneyo ngofunika dokotala, ndipo mayi woyembekezera sayenera kumugwiritsa ntchito.

Agogo anga adamwalira ndi mphini zawo, ndipo amayi a kumpingo omwe adawasambitsa ankazitchula mwaulemu pofotokoza. Sindikunena kuti tibwerere ku lumo ndi makala. Agogowo adandiuza okha kuti mnzawo wina adatupa nkhope mwezi wathunthu bala litalowa dothi. Ngozi inalipo nthawi imeneyonso, kungoti wotema ankadziwika mudzi wonse, ndipo akalakwitsa ankakayankha kubwalo.

Inu amene muli ndi kachubu pawindo la kubafa, katengeni muwerenge timalemba tating'ono ta kumbuyo. Mukaona clobetasol, betamethasone, hydroquinone kapena mercury, kapena ngati botololo lilibe malemba n'komwe, musangosiya lero ndi lero ngati mwadzola miyezi yambiri, chifukwa khungu limatha kulusa. Pitani nako ku kiliniki ya khungu ku Central, mukawaonetse achipatala chomwe mwakhala mukudzola, ndipo mukawauze zaka zenizeni zomwe mwadzola.